Matabwa a Malaina Amene Sankauma

Mpaka lero ndikadutsa pamene akucheka malaina, miyendo imaima yokha. Utuchi wake ukakhala wauwisi umanunkha mowawasa pang'ono, ngati mphale yonyika masiku awiri, ndipo fungolo limandibweza kuseri kwa nyumba yathu, kumtunda kwa Lizulu, chaka chimene ndinali ndi zaka khumi. Kuseri kumeneko kunali mtengo wa malaina umene bambo anabzala sabata imene ndinabadwa. Anthu ankautcha mnzake wa Edina, ndipo ine Edinayo ndinkauona ngati m'bale wanga weniweni, ngakhale unandipitirira msinkhu ndisanayambe ndi sukulu yomwe. Zipatso zake zachikasu zikagwa zinkaolera pansi n'kuitana mbuzi za mudzi wonse.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Bwanje, kuchigwa kotentha, ndipo kuzizira kwa kwathu sanakuzolowere m'zaka zonse zimene anakhala nafe. Ankavala jekete ngakhale mu Okutobala. Ulimi wa mbatatesi ankauchita ndi manja okha, mtima uli kwina. Mtimawo unali pa mandolini, kachoimbira ka nsambo zisanu ndi zitatu, kamene anaphunzira kwa mnzawo wina wa ku Mozambiki pa nthawi imene anthu a tsidya lija anathawira kwathu chifukwa cha nkhondo. Mnzawoyo pobwerera kwawo anapita nayo mandolini yake, ndipo bambo anatsala ndi zala zoyabwa. Ankaimba pa mpini wa khasu, m'mphepete mwa tebulo, ngakhale pamutu panga akamandimeta. Kukamveka ukwati kapena chinkhoswe kumene kuli oimba, ankasowa masiku awiri, dimba likuuma. Mayi ankathirira okha, ndipo akabwera madzulo ankatsuka mbale mwaphokoso loti mudzi wonse udziwe. Sindinganene kuti wolakwa anali uyu kapena uyo. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chimenecho anasiya ndi kukangana komwe, ndipo bata limenelo linkandiopsa kuposa phokoso la mbale.

Ankhoswe anakhala katatu. Ulendo wachitatu, titangokolola, ndinabisala pansi pa nkhokwe, nkhuku zikundiyang'ana ngati ndabwera kudzazilanda malo. Amalume a Zuze, alongo awo a mayi, ndiwo anatseka nkhani. "Madzi akatayika saoleka, alamu," anatero. "Tasudzulana bwinobwino. Mutenge zimene munabwera nazo." Mwambo wake unali womwewo. Mkamwini akamachoka amanyamula bulangete, nkhwangwa ndi zovala zake, koma nyumba, munda, mitengo ndi ana zimatsala kwa eni nthaka. Bambo anapempha chinthu chimodzi chokha. Anapempha malaina aja. Anati akufuna achekemo matabwa akapangitse mandolini, ndipo choimbiracho chikangotha iwo aona msana wa njira. Amalume anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nkhani ya milungu iwiri kapena itatu, n'kuvomera pamaso pa ankhoswe onse. Ine ndinatuluka pansi pa nkhokwe ndili ndi zitosi m'mawondo komanso mawu amodzi m'mutu: mandolini ikatha, bambo apita.

Mtengowo anaugwetsa sabata yotsatira. Ocheka matabwa awiri anakumba dzenje n'kuupingasa pamwamba, wina anaima pansi wina pamwamba, sowo yaitali ikulira tsiku lonse. Utuchi unkagwera pamutu pa wapansiyo mpaka anaoneka ngati nkhalamba. Sindinalire. Ndinangotapa utuchi wodzaza dzanja n'kuika m'thumba la diresi, ndipo mayi anaupeza pochapa koma sanandifunse.

Mmisiri wake anali Che Sumani, mkulu wachisilamu amene anali ndi kashedi kuseri kwa masitolo a pa Lizulu. Ntchito yawo yodyera inali zitseko, mipando ndi mabenchi a sukulu, koma aliyense ankadziwa kuti magitala ndi mabanjo omveka bwino m'dera lathu anatuluka m'manja mwawo. Kuti tikafike kumeneko tinkadutsa pakati pa milu ya mbatatesi, kabichi, anyezi ndi tomato, mabasi akuliza mahutala, amayi akuthamangira m'mawindo ndi mabeseni kumutu. Ukangodumpha msewu unali uli ku Mozambiki, ndipo ndinkakonda kudumpha n'kubwerera kuti ndikanene kusukulu kuti ndinapita kunja. M'kashedimo munkanunkha vanishi ndi guluu wotenthetsa pa mbaula. Pakhoma panapachikidwa mawaya a mabuleki a njinga, amene ankawamasula kuti akhale nsambo, ndipo m'chitini munali masipoko odulidwa oti adzawakhomere pakhosi pa choimbira.

Che Sumani anayeza dzanja la bambo ndi ulusi, akumanga mfundo pa chala chilichonse, n'kuupachika pa msomali. Kenako ananyamula thabwa limene tinabwera nalo, analigogoda ndi mfundo ya chala pafupi ndi khutu, n'kuligunditsa pamlomo ngati akulipsompsona. Ine ndinaseka, koma iwo sanaseke. "Thabwa louma limayankha," anatero. "Laliwisi limameza mawu, ndipo pamlomo limazizira. Mukalifulumiza, mandolini idzang'aluka isanaone mvula yachiwiri." Lamulo lawo linali lakuti matabwa aziumira kwa mwini wake, pamthunzi, ndipo Loweruka lililonse bambo azibwera ndi limodzi kuti alimve. Anati malaina ndi mtengo wouma mochedwa, koma poti matabwa ake anali opyapyala, milungu isanu ndi itatu ikwana.

Milungu isanu ndi itatu! Ndinaiwerenga pa zala tikutuluka, ndipo zala ziwiri zinatsala zopanda ntchito. Nzeru inandipeza pamsika pomwepo. Mayi wina wogulitsa mpiru ankaviika dzanja m'ndowa n'kumawaza masamba ake kuti asafote, ndipo ndinaima n'kumamuyang'ana mpaka bambo anandikoka mkono.

Matabwawo anali asanu ndi limodzi. Bambo anawasanja pa mitanda ya khonde la kuseri, m'mwamba pansi pa denga, atawalekanitsa ndi timitengo kuti mphepo izidutsa. Ndikaweruka kusukulu mayi amakhala ali kudimba, bambo ali kwinakwake. Ndinkagubuduza mtondo n'kuuvundikira pansi pa khondepo, ndinkakwera ndi kapu ya pulasitiki yofiira, n'kumathira pang'onopang'ono pamene dzanja limafika. Linkafika kunsonga kokha, kumene matabwa anatulukira kunja kwa mtanda. Ndikatha ndinkakwirira madontho ndi dothi, n'kubweza mtondo pamalo pake. Mtima unkagunda ngati ndaba nkhuku, koma mawa lake ndinkakweranso.

Chilimwe chimenecho sindinakhalepo pansi ndi matako onse. Dzuwa ndinkadana nalo. Mphepo ya mu Ogasiti, imene inkanyamula fumbi ndi mapesi n'kumazungulira pabwalo, ndinkaiona ngati mdani amene wabwera kudzaumitsa matabwa anga. M'kalasi ndinkangoyang'ana pawindo, ndipo aphunzitsi ankati m'benchi mwanga muli linthumbu. Belu likalira ndinkathamanga osadikira anzanga, mpaka iwo anayamba kunena kuti kwathu kuli nyama imene ndikubisa. Ndinasiya fulaye, ndinasiya phada. Ndikamadya ndinkayang'ana kukhonde, ndikatumidwa kuchigayo ndinkabwerera wefuwefu. Tsiku lina mayi anasuzumira mumtsuko n'kunena kuti, "Madzi akutha msanga m'nyumba muno masiku ano." Ndinadikira funso lotsatira. Silinabwere. Anangonyamula ndowa n'kutsikira kuchitsime.

Loweruka lililonse tinkayenda awiri, bambo patsogolo thabwa lili paphewa, ine pambuyo ndikuponda m'mapazi mwawo. Njira inkadutsa m'madimba obiriwira, kenako m'minda yotenthedwa imene inkanunkha phulusa, ndipo mapichesi a m'mbali mwa njira anachita maluwa, n'kuyoyoka, n'kubala tizipatso taubweya ife tikudutsabe. Tikafika, Che Sumani ankagogoda, ankagunditsa pamlomo, n'kupukusa mutu. "Silinaume." Bambo ankangoti, "Chabwino, tidikira," n'kulibweza paphewa. Pobwerera ankandigulira chimanga chootcha, ndipo ankaimba mluzu njira yonse, zala zikuyenda pathabwapo ngati nsambo zilipo kale. Ndinkadzimvera chisoni powanamiza munthu wodekha chotero, komabe chimangacho ndinkadya mpaka chitsononkho.

Milungu isanu ndi itatu inatha, yachisanu ndi chinayi inatha, yakhumi inathanso. Amalume a Zuze anayamba kubwera pafupipafupi. Ankaima pansi pa khonde manja ali kumbuyo, n'kumayang'ana m'mwamba. "Alamu, kodi matabwa amenewa akuumira m'chitsime?" anafunsa tsiku lina. Bambo anayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amalume anati nkhonoyo ifulumire, chifukwa mizere ikufunika kuunga ndipo anthu akufuna kudziwa kuti munda ulima ndani. Koma mawu anali atanenedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo amalume sakanawabweza. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikudziona ngati munthu wamphamvu kuposa amalume ndi ankhoswe onse pamodzi.

Kumapeto kwa Seputembala ndinagwidwa malungo. Mayi anandibereka kupita nane kuchipatala, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo, ndipo titabwerako ndinagona pamphasa masiku asanu ndi limodzi. Kunja kunkatentha moti malata a khitchini ankathetheka. Mutu unkandiwawa, koma chimene chinkandizunza kwambiri chinali khonde lija. Ndinkamva mphepo yotentha ikudutsa pakati pa matabwa, ndipo ndinalibe munthu womutuma. Kawiri konse ndinayesa kukwawa ndi kapu yanga, koma chizungulire chinandigwetsa ndisanafike pakhomo. Loweruka bambo anapita okha. Ndinagona moyang'ana kukhoma tsiku lonse, ndikudziwa kuti zatha. Dzuwa litapendeka ndinamva mluzu kunjira, kenako thabwa likukwezedwa pa mtanda. Bambo analowa, anandigwira pachipumi, n'kunena kuti, "Akuti silinaume." Ndinachira tsiku lomwelo. Ndinaganiza kuti madzi anga analowerera mpaka mumtima mwa matabwa, moti ngakhale sabata yathunthu ya dzuwa sinawagonjetse.

Loweruka lotsatira Che Sumani anagogoda thabwa monga mwa nthawi zonse, koma sanapukuse mutu. Anatuma bambo kuti akawagulire tizitsulo tomangira nsambo kusitolo ya tsidya la msewu. Titatsala awiri anandikhazika pa benchi yosatha, n'kundipatsa nthochi.

"Umathira ndi chiyani, mwana iwe?"

Ndinafuna kukana, koma maso awo sanali aukali. "Kapu," ndinatero.

"Kapu yomwera madzi?" Anatembenuza thabwalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Kapu siingachite zimene ndikuona apazi."

Ndinakwiya mumtima, poganiza kuti akuderera ntchito yanga ya miyezi itatu. Kenako anandionetsa mizere yakuda imene inayamba kuyanga mkati mwa thabwalo, ndipo anapala pang'ono ndi mpeni kuti ndinunkhize. Linkanunkha nkhungu. "Likapitirira apa liola," anatero. "Mvula ikagwa amalume ako sadikiranso. Bambo ako apitabe, koma apita chimanjamanja, ndipo mtengo uja ukhala kuti unagwera pachabe. Ukufuna zimenezo?" Misozi inagwera pa khoko la nthochi, ndipo iwo anatembenuka n'kuyamba kunola tchizulo kuti ndilire bwino.

Bambo atabwera, Che Sumani sananditchule. Anangoti, "Bambo a Edina, khonde lanu lija lili ndi chinyontho. Mubweretse matabwa onse, ndiwaumitse ndekha." Bambo anayang'ana pansi, pa utuchi, kwa nthawi yaitali kwambiri moti ndinaganiza kuti sanamve. Kenako anati, "Ndibweretsa mawa." Tsiku limenelo pobwerera panalibe mluzu, ndipo chimanga chimene anandigulira ndinafika nacho kunyumba chili chathunthu.

Kwa Che Sumani matabwa anauma m'milungu itatu. Kuchokera pamenepo ntchito inathamanga ngati ikutsika phiri. Ndinkapitabe ndi bambo Loweruka, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza chinthu chatsopano chimene sindinkachifuna: mbali zopindidwa pa chitsulo chotentha, mimba yooneka ngati peyala lodulidwa pakati, khosi losemedwa molingana ndi mfundo za ulusi uja. Chinali chinthu chokongola, ndipo kukongolako kunkandipsetsa mtima. Kunyumba ndinalibenso chochita ndikaweruka. Ndinkangozungulira nyumba, kukhala pa chitsa cha malaina, kudzukanso, kupita kudimba, kubwerera ndisanafike. Kumadzulo mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a ku Mozambiki, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa.

Mandolini inatha mkati mwa Novembala. Bambo anaiyesa m'kashedi momwemo, ndipo asanamalize nyimbo yoyamba pakhomo panali patadzaza ogulitsa mbatatesi ndi anyamata a kabaza. Mawu ake anali ang'ono koma akuthwa, onjenjemera, osafanana ndi banjo kapena gitala. Che Sumani anamvetsera maso ali chotseka, n'kungoti, "Yayankha." Titafika kunyumba bambo anakhala pa chitsa chija n'kuimba masana onse. Anandikhazika pamwendo, anaika zala zanga pa nsambo, ndipo mawaya anandicheka mpaka ndinalira, koma ndinakana kuchotsa dzanja. Mayi anali m'nyumba akusankha mbatatesi za mbewu. Phokoso la mbatatesi zogwera mudengu linasiya nyimbo itangoyamba, ndipo silinayambenso. Koma sanatuluke.

M'mawa mwake bambo anamanga bulangete, nkhwangwa ndi jekete pa njinga, mandolini anaikulunga m'chitenje n'kuibereka kumsana. Anatsanzika amalume ndi ankhoswe mwaulemu wonse. Kwa mayi anati, "Tsalani bwino, mayi a Edina," ndipo mayi anati, "Muyende bwino," akuyang'ana tayala la njinga. Ine ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anandiuza kuti patchuthi ndizibwera ku Bwanje kudzadya mpunga, n'kupalasa osacheuka. Mvula yoyamba inagwa patapita masiku awiri, ndipo inanyowetsa khonde lonse popanda woithandiza.

Ku Bwanje ndinkapitadi, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira nyimbo zitatu zimene ndimadziwa. Za madzi sitinakambepo ndi bambo. Ndinkachita manyazi, ndipo ndinkati ndidzawaululira ndikadzakula. Ndinakula, iwo anadwala, ndipo mwayi umenewo unandidutsa. Atamwalira, abale awo ananditumizira mandolini ija ili m'chitenje china. Ndikuipukuta fumbi ndinaitembenuza, ndipo pansi pa vanishi ndinaona mizere yakuda ija, itayanga pakati penipeni pa msana wake, kuchokera kukhosi mpaka pansi. Ndinaiyang'ana kangapo ndisanazindikire. Ine ndinkangofika kunsonga za matabwa, ndipo nsonga mmisiri aliyense amadula n'kutaya. Pakati pa thabwa pankafika munthu wamtali, wonyamula ndowa. Ndinakumbukira sabata ya malungo ija, mluzu wa pobwerera, ndi mawu a Che Sumani akuti kapu siingachite zimenezo. Wothira winayo anali bambo.

Ndinapita nayo kwa mayi. Ndinawapeza atakhala pakhonde lomwelo, tsitsi litayera, akusenda nyemba. Ndinawaonetsa mizereyo n'kuwauza zonse, za mtondo, za kapu yofiira, ndi za bambo. Ndinkayembekezera kuti adabwa. Iwo anasisita msana wa mandolini ndi chala chachikulu, n'kubwerera ku nyemba zawo.

"Nanga madziwo ankatunga ndani?" anatero.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinali ndekha, kamtsikana ka pa mtondo kolimbana ndi dzuwa, amalume ndi ankhoswe. Lero ndikudziwa kuti tinalipo atatu m'nyumba imodzi, wina akutunga, awiri akuthira, aliyense akubisira mnzake. Panangosowa mmodzi woti atsegule pakamwa n'kunena kuti asapite. Mandolini ija ili pakhoma kwanga, ndipo sinang'alukepo.